Zimene Mita ya Magetsi ya Chipatala Imaulula Nthawi ya 3 Koloko Usiku

Pali pepala limodzi limene limamusowetsa tulo aliyense woyang'anira makina a chipatala chachikulu akangoliona koyamba. Ndi mzere wa magetsi a maola 24, wochokera ku mita yaikulu imene imalemba mphindi 15 kapena 30 zilizonse. Munthu umayembekezera kuti mzerewo ukwera m'mawa, ufika pachimake masana, kenako usiku ugwa mpaka pansi monga zimakhalira m'nyumba za maofesi. Koma ayi, sugwa. Umangotsikako pang'ono, n'kugona chopingasa m'mwamba momwemo mpaka mbandakucha.

Tingoyerekeza kuti masana mita ikuwerenga makilowati 2,000, ndipo pa 3 koloko usiku ikuwerenga 1,300. Mukafunsa, yankho limabwera msangamsanga: "Ichi n'chipatala, sichigona." N'zoona ndithu. Ku ICU makina opumitsa odwala akugwira ntchito, makanda obadwa masiku asanakwane ali m'makina owafunditsa, mafiriji a magazi akulira. Koma tengani pepala muwonkhetse zonse zimene zalumikizidwa pathupi pa wodwala. Makina opumitsa, mapampu a mankhwala ndi mamonita, chilichonse chimadya mawati makumi angapo kapena mazana ochepa. Ngakhale muwerenge mabedi onse, simuyandikira n'komwe 1,300 uja. Ndiye otsalawo akupita kuti?

## Khonde la kufiyeta pakati pa usiku

Kuti mupeze yankho, nyamulani tochi mupite ku zipinda za opaleshoni. Pa zipinda khumi, chimodzi kapena ziwiri zimasiyidwa zokonzeka kaamba ka ngozi ndi amayi ofunika opaleshoni yobereka. Zinazo n'zotseka, magetsi ozimitsa, matebulo ophimbidwa. Kuli zii. Koma ikani dzanja kunsi kwa chitseko chotsekacho, mumva kamphepo kozizira kakukudutsani m'zala. Kwezani maso kudenga, mumva kuwomba kosalekeza. Chipinda chopanda munthucho chikupatsidwa mpweya wosefedwa ndi woziziritsidwa ngati kuti muli wodwala patebulo.

Masamu ake ndi awa. Chipinda cha masikweya mita 60, chotalika mamita 3 kupita m'mwamba, chimasunga mpweya wa makiyubiki mita 180. Muyezo wa ku America wotchedwa ASHRAE 170 umafuna kuti mpweya wa m'chipinda cha opaleshoni uzisinthidwa maulendo osachepera 20 pa ola. Kutanthauza makiyubiki mita 3,600 pa ola, kapena imodzi pa sekondi iliyonse. Mpweya umaoneka ngati ulibe kulemera, koma kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu 1.2, choncho fani ikukankha matani opitirira 4 a mpweya pa ola m'chipinda chimodzi chokha. Kuti mpweya wochuluka choncho utsike kapena ukwere ndi digiri imodzi pamafunika makilowati 1.2. Mpweya wonsewo ukamachokera kunja, ndipo pali kusiyana kwa madigiri 15 pakati pa kunja ndi m'kati, ndiye makilowati 18, tisanawerengere mphamvu yochotsera chinyezi ndi ya fani yeniyeniyo.

Sabata ili ndi maola 168. Chipinda chochitira maopaleshoni okonzekeratu chikagwira maola 10 pa tsiku kwa masiku 5, ndiye maola 50. Maola 118 otsalawo, amene ndi 70 peresenti ya nthawi yonse, makina akutumikira makoma.

Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet Planetary Health mu 2017, woona zipatala zitatu za ku Canada, America ndi Britain, anapeza kuti zipinda za opaleshoni zimadya mphamvu kuwirikiza katatu mpaka kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi chipatala chonse pa malo ofanana kukula, ndipo 90 mpaka 99 peresenti ya mphamvuyo imathera pa makina a mpweya. Nyale zazikulu zapadenga zija, zimene anthu amaziloza poyamba, si zimene zikumaliza magetsi.

Tsopano kwerani padenga kapena pitani ku chipinda cha makina, mutsegule bokosi loyendetsera fani. Pali kaswichi ka mbali zitatu: HAND, OFF, AUTO. Kawirikawiri mudzakapeza pa HAND, pamene fani imangoyenda yosalamulidwa ndi kompyuta monga imachitira pa AUTO. Wina anakatembenuza tsiku lina alamu italira opaleshoni ili m'kati, zinthu zinayenda, ndipo palibe anakumbukira kukabwezera. Pa sikirini ya kompyuta yoyendetsa nyumba, ndandanda imaonetsa kuti fani imachepetsa liwiro 8 koloko madzulo. Koma fani sikumvera kompyuta. Yakhala ikuthamanga ndi liwiro lonse mwina kwa zaka.

## Chifukwa chake liwiro la fani ndi nkhani yaikulu

Mafani ndi mapampu ali ndi lamulo limene ambiri salikhulupirira mpaka ataona pa mita. Mphamvu imene fani imadya imatsika mofulumira kwambiri kuposa liwiro lake, chifukwa mumachulukitsa liwirolo katatu palokha. Fani ikamayenda pa 80 peresenti ya liwiro lake, 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 0.8 ndi 0.51, ndiye ikudya pafupifupi theka. Pa theka la liwiro, ikudya gawo limodzi mwa magawo 8. M'makina enieni phindu limacheperako chifukwa cha zosefera ndi mota, komabe ndi lalikulu.

Kuchepetsa mpweya usiku si kuzimitsa fani ayi. Chipinda cha opaleshoni chimayenera kukhala ndi mpweya wokankha kupita kunja, kuti fumbi ndi tizilombo ta m'khonde tisalowe. Muyezo womwe uja umafuna kusiyana kosachepera mapasiko 2.5 (muyezo wa kukankha kwa mpweya) ndi malo oyandikana nawo, ndipo umalola kuchepetsa mpweya m'chipinda mukakhala mulibe anthu bola kukankhako kusathe. Apa ndi pamene ntchito imalakwika. Mukachepetsa fani yolowetsa mpweya n'kuiwala yotulutsa, chipinda chimayamba kuyamwa mpweya wa m'khonde. Mafani awiriwo ayenera kutsikira limodzi, pakhoma pakhale kachipangizo koonetsa kukankha kwa mpweya, pakhalenso batani kapena sensa yoti namwino akangolowa, mpweya ubwerere mwakale. Nthawi imene chipinda chimatenga kuti chikhalenso chokonzeka iyezedwe ndi kulembedwa pachitseko. Ndipo ndondomeko yonse ivomerezedwe ndi oteteza matenda opatsirana m'chipatalamo, apo ayi tsiku loyamba limene dokotala adzadandaule, kaswichi kadzabwerera pa HAND.

## Kuziziritsa mpweya n'kuutenthetsanso

Iyi ndi yobisika kwambiri, chifukwa odwala sadandaula, anamwino sadandaula, kutentha kwa m'chipinda kuli bwinobwino. Kuti achotse chinyezi, makina amatsitsa mpweya mpaka madigiri 12 kapena 13 kuti madzi adonthe, kenako amautenthetsanso mpaka 20 kapena 22 usanalowe m'wodi. Kumeneku n'kulipira kawiri, koma nthawi zina n'kosapeweka. Vuto ndi pamene valavu ya madzi otentha yakanirira yosatseka bwino. Imangodutsitsa madzi, ndipo valavu ya madzi ozizira imatseguka kwambiri kuti ilimbane nayo. Ziwirizi zimakokana usana ndi usiku popanda woona. Poyeza pake n'posavuta: pamene kompyuta ikunena kuti valavu ndi yotseka, gwirani paipi ya kutsogolo kwake. Ikakhala yotentha, mwapeza wakuba.

Makina oziziritsa madzi, amene amisiri amangoti chiller, amatulutsa madzi pa madigiri 6 kapena 7 ndipo amayenera kubwerera ali pa 12. Akamabwerera ali pa 9, ndiye kuti madzi akungozungulira osagwira ntchito, mapampu akuthamanga pachabe, ndipo chiller yachiwiri imayaka pomwe imodzi ikanakwanira. Nyengo ikazizira, kukweza kutentha kwa madziwo ndi digiri imodzi kumapulumutsa 2 kapena 3 peresenti ya magetsi a chiller. Zipatala zatsopano zimapita patsogolo n'kutenga kutentha kumene chiller imataya kunja kuti kutenthetse madzi osamba. Nyumba imene imafuna kuzizira ndi kutentha nthawi imodzi, chaka chonse, ndi malo oyenera makina otere kuposa ena alionse.

## Ku boila

Nthunzi imagwira ntchito ku makina ophera tizilombo pa zida, kochapira ndi kukhitchini. Zida za opaleshoni zimaphikidwa pa madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3, kapena pa 121 kwa mphindi 15. Ntchito yeniyeniyo ndi yaifupi, koma mapaipi a nthunzi amazungulira chipatala chonse ali otentha maola 24.

Pa mapaipiwo pali tizipangizo totchedwa steam trap, totulutsa madzi koma n'kutsekera nthunzi. Kakawonongeka kali kotseguka, nthunzi imangodutsa mwakachetechete kupita m'paipi yobwerera, ndipo palibe chimadontha pansi choti wina aone. Chipatala chachikulu chimakhala nato mazana. Tiyenera kuyezedwa kamodzi pachaka ndi kachipangizo komvera phokoso kapena kamera yoona kutentha, ndipo kalikonse kakhale ndi nambala yake. Madzi otentha obwerera kuchokera ku nthunzi nawonso asatayidwe m'ngalande: madzi olowa m'boila akatentherapo ndi madigiri 6, mafuta amatsika ndi pafupifupi 1 peresenti. Mavalavu ndi polumikizira mapaipi, pamene amisiri anachotsa chofunda pokonza n'kusabwezera, ndi ng'anjo zazing'ono zotenthetsa makonde.

Chimodzi chokha musachikhudze pofuna kupulumutsa mafuta: kutentha kwa madzi osungidwa m'mathanki. Kachilombo ka Legionella kamaswana pakati pa madigiri 20 ndi 45, n'chifukwa chake madzi otentha amasungidwa pa 60. Kutsitsa pamenepo n'kusinthanitsa mafuta ndi chibayo cha odwala ofooka kale.

## Makina ojambulira ndi mafiriji

Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, sazimitsidwa kwenikweni. Maginito ake amakhala m'madzi a helium ozizira pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo kompuresa yosunga kuzizirako imagunda usiku wonse. Mukaima pafupi mumamva ikulira ngati kambalame. Ofufuza a chipatala cha yunivesite ku Basel, ku Switzerland, anayeza makina awo n'kufalitsa zotsatira mu 2020. Pa makina a CT, ojambula m'kati mwa thupi ndi X-ray, magawo awiri mwa atatu a magetsi ankathera pamene makina ali oyaka koma sakujambula munthu. Pa MRI, gawo limodzi mwa atatu linkathera pamene makina ali ozimitsa. Za helium sitingazipewe, koma CT ya odwala oyendera ilibe chifukwa chogonera maso Loweruka ndi Lamlungu.

Ku labotale kuli mafiriji a madigiri 80 pansi pa ziro. Yakale imodzi imatha kudya magetsi ofanana ndi nyumba ya banja. Kuikweza kufika pa 70 pansi pa ziro kumachotsa gawo looneka ndithu la magetsiwo, ndipo zinthu zambiri zimasungika bwinobwino, koma eni zinthuzo ndiwo avomereze. Kawirikawiri mukatsegula mumapeza theka la mabokosi alibe mwini wodziwika.

## Mpweya umene sulembedwa pa bilu

Mpaka pano tikukamba za magetsi ndi mafuta. Koma chipatala chimatulutsanso mipweya yotenthetsa dziko imene siidutsa pa mita iliyonse, ndipo kwa ine apa ndi pamene pali phindu lofulumira kwambiri.

Yoyamba ndi mankhwala ogonetsa odwala. Thupi silimawaphwanya kwenikweni. Wodwala amawapumira kunja, paipi imawatulutsira padenga. Kilogalamu imodzi ya desflurane imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 2,540 a carbon dioxide tikawerengera zaka 100. Ya isoflurane ndi 510, ya sevoflurane ndi 130. Botolo limodzi la desflurane la mamililita 240 likufanana ndi makilogalamu pafupifupi 890 a carbon dioxide, ngati kuwotcha malita 330 a dizilo. Botolo la sevoflurane la mamililita 250 silifika makilogalamu 50. Scotland inasiya kugula desflurane mu 2023, ndipo mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo loletsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa kuyambira Januwale 2026, kupatula pamene pali chifukwa chenicheni chachipatala. Ngakhale osasintha mankhwala, dokotala wogonetsa akatsitsa mpweya watsopano wolowa m'makina kuchoka pa malita 2 pa mphindi kufika pa theka la lita, mankhwala otayika amachepa kwambiri.

Yachiwiri ndi nitrous oxide, mpweya wothandiza kugonetsa odwala ndi kuchepetsa ululu, ndipo nkhani yake imafanana ndi ya kaswichi kaja. Kilogalamu imodzi ikufanana ndi makilogalamu 273 a carbon dioxide, imakhala m'mlengalenga zaka zopitirira 100, ndiponso imawononga ozone, mpweya wa m'mlengalenga wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Zipatala zambiri zinamangidwa ndi kachipinda ka masilinda akuluakulu olumikizidwa ku mapaipi opita m'makoma onse. Masiku ano madokotala ambiri ogonetsa saigwiritsanso ntchito kwambiri, koma masilinda amathabe, ndipo wogula amangoitanitsa ena. Pamene zipatala za ku Scotland zinayerekeza mpweya wogulidwa ndi umene unafikadi kwa odwala, zinapeza kuti mbali yaikulu kwambiri inkangothawira m'malo odontha, kapena kubwezedwa kwa ogulitsa nthawi yake itatha. N'kutunga madzi ndi dengu. Tani imodzi yotayika choncho ikufanana ndi kuwotcha malita oposa 100,000 a dizilo.

Kuyeza kwake sikufuna katswiri wochokera kutali. Tengani malisiti a masilinda a chaka chonse. Tengani zimene makina ogonetsera analemba kuti anagwiritsa ntchito. Chotserani. Kapena usiku umodzi pamene palibe wougwiritsa ntchito, lembani zimene geji ikuonetsa madzulo ndi m'mawa. Kusiyana kukakhala kwakukulu, njira yake si kusaka podontha m'mapaipi okwiriridwa m'makoma, koma kutseka paipi yonse n'kumangirira kasilinda kakang'ono pa makina amene akufunikadi.

Yachitatu ndi gasi wa m'makina oziziritsa. Kilogalamu imodzi ya gasi wa R-410A ikufanana ndi makilogalamu 2,088 a carbon dioxide, ya R-134a ndi 1,430. Mmisiri akabwera "kudzawonjezera gasi" makilogalamu 10 a R-410A, ndiye kuti matani 21 a carbon dioxide apita kale m'mwamba. Buku lolemba gasi wowonjezeredwa pa makina alionse limaonetsa msanga amene akudontha. R-134a yemweyo ndi amene amakankha mankhwala m'timabotolo topopera ta anthu a mphumu, pomwe ta ufa tilibe gasi ameneyu. Koma kusintha wodwala ndi nkhani ya iye ndi dokotala wake, chifukwa ana aang'ono ndi odwalitsa satha kukoka ufa mwamphamvu.

## Jenereta

Lita imodzi ya dizilo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a carbon dioxide. Jenereta yaikulu imamwa pang'ono kupitirira kota ya lita pa yuniti iliyonse ya magetsi, choncho ikanyamula makilowati 1,000 imamwa malita pafupifupi 270 pa ola n'kutulutsa makilogalamu oposa 700. Kumene magetsi sazimazima, jenereta imangoyaka poyesedwa ndipo siwerengedwa kwambiri. Kumene amazimazima, imatha kukhala gwero lalikulu la utsi wa chipatala.

Cholakwika chofala ndi kugula jenereta yaikulu mopitirira. Ikamayenda pansi pa 30 peresenti ya mphamvu yake kwa nthawi yaitali, injini siitentha mokwanira, mafuta osapsa amadzaza ku ekizozi n'kumadontha akuda bii, ndipo tsiku lofunika imakanika kunyamula katundu. Majenereta awiri kapena atatu apakatikati ogawana ntchito amaposa chimphona chimodzi.

Zindikiraninso kuti yuniti ya magetsi si yofanana kulikonse. Yochokera ku malasha imabwera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ya carbon dioxide, yochokera ku madzi, mphepo kapena dzuwa imabwera ndi zochepa zedi. Zipatala ziwiri zodya magetsi ofanana zikhoza kusiyana kutali pa utsi. Mapanelo a dzuwa amathandiza masana, koma chipatala cha nsanjika zambiri chili ndi denga laling'ono lodzaza kale makina, ndipo pa 3 koloko usiku dzuwa kulibe.

## Zimene zimalowa pageti

Owerengera utsi amagawa zinthu patatu: zotuluka pamalo pomwepo, zochokera ku magetsi ogulidwa, ndi zochokera ku katundu ndi maulendo. Lipoti la bungwe la Health Care Without Harm ndi kampani ya Arup la 2019 linati ntchito za umoyo zimatulutsa 4.4 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko lonse, moti zikanakhala dziko, likanakhala lachisanu. Pa zimenezo, 17 peresenti ndi za pamalo, 12 ndi za magetsi ogulidwa, ndipo 71 ndi za gulu lachitatu: mankhwala, zida, magulovu, zakudya, mayendedwe. N'chifukwa chake NHS, nthambi ya boma yoyendetsa zipatala ku England, polengeza zolinga zake zothetsa utsi mu 2020, inaika zaka ziwiri zosiyana, 2040 pa zimene imalamulira yokha ndi 2045 pa zodalira ogulitsa.

Gulu lachitatuli ndi lovuta kuliyeza, ndipo ambiri amangochulukitsa ndalama zogulira ndi nambala inayake, zomwe zimachititsa kuti katundu akakwera mtengo, utsi uoneke ngati wakwera. Koma zina zili m'manja mwa wodi. Bungwe la WHO limati 85 peresenti ya zinyalala za m'zipatala ndi zinyalala wamba, zoopsa ndi 15 peresenti yokha. Tsegulani thumba la zinyalala zoopsa la kufiyeta, mupeza makatoni, mapepala okutira zida ndi mabotolo opanda kanthu, zonse zikupita kukawotchedwa pa madigiri 850 kapena kuposa. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti bini yoyandikira dzanja la namwino ndi ya zoopsa, ya wamba ili kuseri kwa chitseko. Mapaketi a zida okonzeratu nawonso amakhala ndi zinthu zimene dokotala sazikhudza, koma akatsegulidwa zonse zimatayidwa.

## Poyambira

Chipatala chokhala ndi mita imodzi yokha chimadziwa bilu, sichidziwa wodya. Mamita ang'onoang'ono aikidwe pa chiller, pa mafani a kufiyeta, kojambulira, pa makompuresa a mpweya ndi okosijeni, kochapira ndi kukhitchini. Pa boila pakhale mita ya mafuta ndi ya madzi atsopano olowa. Madziwo akamachuluka, nthunzi ikuthawa penapake. Manambala a chaka agawidwe ndi kukula kwa nyumba komanso ndi masiku amene odwala anagona, kuti chaka chotanganidwa chisaoneke ngati chowononga.

Kenako kuyenda kwa usiku kuja kubwerezedwe miyezi itatu iliyonse, anthu atatu: mmisiri wa magetsi, namwino wamkulu wa usiku, ndi wina wonyamula pepala. Namwinoyo ndi wofunika koposa, chifukwa ndi iye amene amadziwa chipinda chimene chingafunike mwadzidzidzi ndi chimene sichinatsegulidwe chiyambire Lachisanu. Swichi iliyonse yopezeka pa HAND ilembedwe, koma isangotembenuzidwa. Afunsidwe kaye amene anaiika pamenepo chimene chinavuta, chifukwa nthawi zambiri kuseri kwake kuli sensa yakufa kapena lamba wa fani wotha, ndipo zimenezo zikapanda kukonzedwa, sabata yamawa mudzaipezanso pomwepo.